Kompyuta yoyaka mwa apo ndi apo: kufufuza vuto kuyambira pakhoma

M'maofesi ang'onoang'ono ndi m'mashopu a ku Area 4, ku Old Town mumzinda wa Lilongwe, ntchito yambiri ikugwiridwabe pa makompyuta akale a patebulo, aja okhala ndi bokosi palokha ndi sikirini payokha. Pamenepo ndi pomwe amalembera makalata ndi malisiti, amasungira mndandanda wa katundu ndi ngongole za makasitomala, komanso amakonzera zikalata zokasindikiza. Ambiri mwa makompyutawa ndi a kaunjika, omwe adagwira kale ntchito zaka zingapo m'maofesi a kunja asanafike kuno.

Vuto lomwe limasowetsa mtendere eni makompyuta otere ndi la kuyaka mwa apo ndi apo. Lero yayaka bwinobwino, mawa yakana mpaka batani lidinidwe kasanu. Tsiku lina yayaka, fani yazungulira pang'ono n'kuima. Tsiku linanso yazima yokha ntchito ili mkati. Kompyuta yoferatu ndi yosavuta kuiyeza chifukwa vuto lake limakhalapo nthawi zonse, koma yamtunduwu ikafika pa tebulo la mmisiri imayaka ngati ilibe mlandu. Mapeto ake mwiniwake amagula zipangizo mongoganizira, ndalama n'kutha vuto likadalipo, kapenanso amataya mafayilo a zaka zambiri tsiku lomwe kompyutayo yaferatu.

Njira yodalirika ndi yotsatira ulendo wa magetsi, kuyambira pa soketi ya pakhoma kulowera mkati mwa bokosi, kusintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi ndi kulemba zomwe zachitika.

Zomwe zimachitika batani likadinidwa

Magetsi a m'nyumba ku Malawi ndi a ma volt 230, koma zipangizo za mkati mwa kompyuta zimafuna magetsi ochepa kwambiri ndiponso okhazikika. Ntchito yowasandutsa imagwiridwa ndi kabokosi kachitsulo kokhala ndi fani, komwe chingwe chochokera pakhoma chimalowamo, ndipo amisiri amakatchula kuti power supply. Pa makompyuta otsatira muyezo wa ATX, womwe kampani ya Intel idakhazikitsa mu 1995, kabokosika kamatulutsa ma volt 12 pa mawaya achikasu, ma volt 5 pa mawaya ofiira ndi ma volt 3.3 pa mawaya aolenji. Mawaya akuda ndi obwezera magetsi.

Ngakhale kompyuta ili chizimire, waya wa mtundu wa pepo umapitirizabe kupereka ma volt 5 ku bolodi lalikulu, lomwe limatchedwa motherboard, kuti bolodilo lizitha kumva batani likadinidwa. Batani likadinidwa, bolodi limauza power supply kudzera pa waya wobiriwira kuti iyake. Power supply ikaona kuti magetsi ake akhazikika, pasanathe theka la sekondi imatumiza chizindikiro pa waya wotuwa chonena kuti zonse zili bwino. Apa m'pamene purosesa imayamba ntchito, ndipo pulogalamu ya pa bolodi yotchedwa BIOS imayendera RAM, sikirini ndi kiyibodi isanafunefune Windows pa hard disk.

Kudziwa ndondomekoyi n'kothandiza chifukwa malo omwe kompyuta yaimira ndi omwe amaloza komwe kuli vuto. Yosaonetsa nyali iliyonse yaima pa chiyambi penipeni, pa magetsi. Yozungulitsa mafani popanda chithunzi yadutsa pamenepo koma yakodwa pa kuyendera zipangizo. Yoonetsa dzina la kampani yoipanga kenako n'kuima yafika kale pa hard disk ndi Windows.

Choyamba ndi mafayilo ndi kope

Tsiku lomwe kompyuta yovuta yayaka, ntchito yoyamba ndi kukopera mafayilo onse ofunika pa fulashi, pa hard disk ya kunja kapena pa intaneti. Kuzima kwadzidzidzi kulikonse kukhoza kuononga fayilo yomwe inali yotsegula, ndipo kuyesa kulikonse kwa mmisiri kumafuna kuyatsa ndi kuzimitsa kambirimbiri. Zipangizo zimagulidwanso, koma kaundula wa ngongole za makasitomala sapezeka m'sitolo.

Chachiwiri ndi kusunga kope pafupi ndi kompyutayo. Mlembedwe tsiku ndi nthawi yomwe vuto lachitika, ngati kunali kozizira kapena kotentha, ngati magetsi anali a Escom kapena a jenereta, mtundu wa nyali ya pa batani, ngati fani inazungulira, ndi kuchuluka kwa kulira komwe kunamveka kuchokera m'bokosi. Pakatha sabata imodzi, kopelo limaonetsa zomwe mutu wa munthu sungasunge. Vuto lobwera m'mawa mokha, lobwera masana mokha ndi lobwera jenereta ikaliza ndi mavuto atatu osiyana. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa vuto lobwera n'kupita palibe chida choposa kudekha komweko.

Magetsi a pakhoma

Ku Lilongwe kufufuza kumayambira pakhoma chifukwa magetsi enieniwo si okhazikika nthawi zonse. Gawo lalikulu la magetsi a dziko lino limachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, komwe makina amayendetsedwa ndi Egenco, kampani yomwe idayamba ntchito mu Januwale 2017 itapatulidwa ku Escom. Madzi akachepa, kapena zinyalala ndi matope zikatseka makina, magetsi amaperekedwa mosinthana. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga Kapichira ndipo dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, zomwe zidachititsa kuti kuzima kwa magetsi kuchuluke kwa miyezi yambiri.

Kuzima kwa magetsi kumaoneka ndi maso, koma zomwe zimasokoneza kompyuta nthawi zambiri sizioneka. Power supply yabwino imatha kupirira magetsi akaduka kwa kanthawi kochepa zedi, pafupifupi magawo 16 mwa magawo 1 000 a sekondi. Yokalamba siifika n'komwe pamenepo. Choncho kuphethira kwa magetsi komwe nyali ya m'chipinda sinakuonetse n'komwe kukhoza kuzimitsa kompyuta kapena kuiyambitsanso. Izi zimachitika kawirikawiri pamene nyumba ikusintha kuchoka pa magetsi a Escom kupita pa jenereta, komanso pamene makina olemera monga owotcherera zitsulo, kompuresa, fotokope yaikulu kapena ketulo ayatsidwa pa mzere womwewo wa magetsi. Ofesi yoyandikana ndi galaja kapena malo owotcherera iyenera kukayikira zimenezi msanga.

Zoyenera kuona pakhoma ndi izi. Soketi ikhale yogwira pulagi mwamphamvu, yopanda madontho akuda kapena fungo la kupsa. Mapulagi a kuno ndi a mano atatu a mtundu wa ku Britain, okhala ndi fyuzi mkati, ndipo fyuzi yokhala molobodoka kapena waya womasuka pa sikuluu yake zimadula magetsi chingwe chikangogwedezeka. Makompyuta ena amabwera ndi pulagi ya mano awiri ozungulira yomwe anthu amaikakamiza mu soketi ya mano atatu. Pulagi yotere sigwira bwino ndiponso imasiya kompyuta yopanda waya woteteza wopita pansi. Ma ekisitenshoni otchipa nawo amatha msanga mkati, moti kuyesa koyamba ndi kulumikiza kompyuta pa soketi ya pakhoma mwachindunji, pogwiritsa ntchito chingwe china chodziwika kuti n'chabwino.

Ngati bokosi la kompyuta likugwira munthu akalikhudza, vuto lili pa mawaya a nyumba kapena pa chingwe, ndipo zikatero pafunika mmisiri wa zamagetsi wokhala ndi chilolezo cha bungwe la Mera. Kompyutayo isagwiritsidwe ntchito mpaka vutolo litakonzedwa.

Kuyesa kosavuta kotsiriza ndi kunyamula kompyutayo kupita nayo kunyumba ina kwa masiku awiri kapena atatu. Ikakagwira ntchito bwino kumeneko, ndiye kuti mlandu uli ndi magetsi a pamalo ake akale.

Chenjezo asanatsegule bokosi

Asanatsegule bokosi la kompyuta, munthu azule chingwe pakhoma, kenako adine batani loyatsira kwa masekondi 15 mpaka 30 kuti magetsi otsalira atuluke. Izi pazokha nthawi zina zimadzutsa kompyuta yomwe yakana kuyaka magetsi atabwera mwadzidzidzi, chifukwa chitetezo cha mkati mwa power supply chimakhala chitadzitsekera. Asanakhudze bolodi kapena RAM, agwire kaye chitsulo cha bokosilo kuti magetsi a m'thupi, aja amathetheka pa zovala m'nyengo youma, asaononge zipangizo.

Power supply yeniyeniyo isatsegulidwe ndi munthu wosaphunzira ntchitoyi. Mkati mwake muli makapasita aakulu osunga magetsi oposa ma volt 300, omwe akhoza kuvulaza kapena kupha munthu ngakhale chingwe chitazulidwa kale.

Power supply

Pa kompyuta yokalamba yoyaka mwa apo ndi apo, power supply ndi yomwe imakayikiridwa koyamba mkati mwa bokosi, chifukwa ndi yomwe imalandira nkhonya zonse za magetsi a pakhoma. Zizindikiro zake ndi kukana kuyaka mpaka batani lidinidwe kangapo, fani kuzungulira sekondi imodzi n'kuima, kuzima pamene kompyuta yapatsidwa ntchito yolemera, kulira kosongoka ngati kwa udzudzu, kapena fungo la chinthu chopsa.

Ma power supply akale ena ali ndi kabatani kofiira kumbuyo kolembedwa 115 mbali ina ndi 230 mbali ina. Ku Malawi kayenera kukhala pa 230. Kompyuta yochokera ku America, komwe magetsi a m'nyumba ndi a ma volt 120, ikalumikizidwa kuno kabataniko kali pa 115 imapsa nthawi yomweyo. Aliyense wogula kompyuta ya kaunjika ayang'ane kumbuyo asanailumikize.

Mmisiri wokhala ndi mita yoyezera magetsi amayeza mawaya kompyuta ili chiyakire. Muyezo umalola kusiyana kwa magawo 5 pa 100 alionse, kutanthauza kuti waya wachikasu uyenera kukhala pakati pa 11.4 ndi 12.6, wofiira pakati pa 4.75 ndi 5.25, ndipo waolenji pakati pa 3.14 ndi 3.47. Waya wa pepo uyezedwenso kompyuta ili chizimire, popeza ukafooka bolodi silimva batani. Amisiri ena amalumikiza waya wobiriwira ndi wakuda kuti aone ngati fani izungulira. Kuyesa kumeneku kumasonyeza power supply yoferatu, koma fani ikazungulira si umboni woti ili bwino, chifukwa yofooka imazunguliranso ikakhala yopanda katundu.

Kuyesa kotsimikizika ndi kuikamo power supply ina yodziwika kuti ndi yabwino ndi kugwiritsa ntchito kompyutayo kwa masiku angapo. Apa pali chofunika kusamala. Makompyuta ambiri a m'maofesi a Dell, HP ndi Lenovo, makamaka a mabokosi aang'ono, ali ndi power supply ya kapangidwe kawokawo, yokhala ndi pulagi ya mano 6, 8 kapena 14 m'malo mwa 20 kapena 24 a muyezo wa ATX, ndipo mitundu ya mawaya ake ikhoza kutanthauza zina. Pogula ina, nambala yolembedwa pa chikwangwani cha yakaleyo ndi yomwe itsatidwe. Makompyuta ambiri a Dell OptiPlex ali ndi kabatani ndi kanyali kumbuyo kwa power supply koyesera ngati ikugwira ntchito, ndipo nyali ya pa batani lakutsogolo ikamaphethira mwachikasu imakhala ikunena za vuto la magetsi kapena la bolodi.

Batani ndi batire laling'ono

Batani loyatsira nalo limatha. Likadinidwa kwa zaka zambiri limasiya kugunda bwino mkati, kapena limakanirira, ndipo batani lokanirira limazimitsa kompyuta patangotha masekondi anayi kapena asanu iyo itayaka. Mmisiri amazula mawaya awiri a batanilo pa bolodi n'kukhudza timano take tiwiri ndi nsonga ya sikuludiraiva kwa kanthawi. Kompyuta ikamayaka nthawi zonse mwa njira imeneyi, vuto ndi batani, chomwe ndi chimodzi mwa zinthu zotchipa kwambiri kukonza.

Pa bolodi palinso batire lozungulira ngati kobiri, la nambala CR2032, lopereka ma volt 3. Limasunga tsiku, nthawi ndi makonzedwe a BIOS pamene kompyuta ilibe magetsi. Limatha pakapita zaka zingapo, ndipo limatha msanga kumalo komwe magetsi amazimazima kapena komwe soketi imazimitsidwa usiku ulionse, chifukwa nthawi yonseyo ndi lomwe limakhala pa ntchito. Likafooka, kompyuta imabwerera ku tsiku la zaka zakale, imapempha kuti munthu adine F1 isanapitirire, imaiwala hard disk yoyambira, ndipo ina imakaniratu kuyaka. Tsiku likalakwika, mawebusayiti a banki ndi ena otetezedwa amakananso kutseguka. Batireli limapezeka m'masitolo ogulitsa mawotchi ndi zamagetsi, ndipo pa kompyuta yopitirira zaka zisanu n'kwanzeru kulisintha popanda kudikira.

Makapasita otupa

Pa bolodi ndi mkati mwa power supply muli tizipangizo tooneka ngati timigolo, totchedwa makapasita, tomwe timasalaza magetsi kuti asamakwere n'kutsika. Mkati mwake muli madzimadzi omwe amauma pang'onopang'ono, ndipo kutentha kumafulumizitsa kuumako. Akatswiri amawerengera kuti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wa kapasita umatsika ndi theka. Makompyuta ambiri opangidwa pakati pa 1999 ndi 2007 adalandira makapasita olakwika kuchokera ku fakitale, omwe ankatupa patangotha zaka zochepa.

Kapasita yabwino imakhala yosalala pamwamba. Yoonongeka imatukuka ngati chitini cha chakudya chowola, kapena imatulutsa zinthu zofiirira zouma pamwamba kapena pansi pake. Tochi ndi maso n'zokwanira kuona zimenezi pa bolodi, makamaka mozungulira purosesa.

Makapasita okalamba amagwira ntchito movutikira kukazizira. N'chifukwa chake kompyuta ina imakana kuyaka m'mawa wa mu Juni ndi Julayi, pamene Lilongwe amazizira, koma ikayesedwa kangapo n'kufunda imayaka ndi kugwira ntchito tsiku lonse. Kope likaonetsa khalidwe lotere, makapasita a pa bolodi kapena a mu power supply ndi omwe akayikiridwe. Amisiri okonza mawailesi ndi ma TV amatha kusintha makapasita a pa bolodi pa mtengo wochepa poyerekeza ndi kugula bolodi lina, bola atsopanowo akhale a muyezo wofanana ndi akalewo.

RAM ndi zolumikizira zomasuka

Mafani akamazungulira koma sikirini ili bii, choyamba ndi kutsimikiza kuti sikiriniyo ili ndi magetsi ndiponso kuti chingwe chake chalowa bwino mbali zonse ziwiri. Kudina batani la Caps Lock pa kiyibodi kumathandiza. Nyali yake ikamayaka ndi kuzima, kompyuta ili moyo ndipo vuto lili kumbali ya chithunzi.

Zikapanda kutero, RAM ndi yotsatira. Timatabwa ta RAM timamasuka pang'onopang'ono chifukwa cha kutentha ndi kuzizira, kugwedezeka pa ulendo, fumbi ndi chinyezi cha nyengo ya mvula. Tizulidwe, mano ake agolide apukutidwe mopepuka ndi labala wofufutira pensulo kapena ndi nsalu yonyowetsedwa ndi isopropyl alcohol, kenako tibwezeredwe mpaka zogwirira za m'mbali zitalira kuti twa. Ngati tilipo tiwiri kapena kuposa, tiyesedwe kamodzikamodzi, komanso pa malo osiyanasiyana. Pulogalamu yaulere ya MemTest86, yoyendetsedwa kuchokera pa fulashi usiku wonse, imagwira RAM yolakwitsa mwa apo ndi apo.

Kulira kochokera m'bokosi pa nthawi yoyaka ndi uthenga wa BIOS. Pa makompyuta ambiri kulira kumodzi kwachidule kumatanthauza kuti zonse zili bwino, pomwe kulira kobwerezabwereza kumaloza chipangizo cholephera. Tanthauzo lake limasiyana pakati pa BIOS ya AMI, Award, Phoenix ndi ya makampani monga Dell ndi HP, choncho liwerengedwe m'buku la kompyuta yomweyo, lomwe limapezeka pa webusayiti ya kampani yoipanga.

Zonsezi zikalephera, amisiri amavula kompyuta n'kusiya zofunika zokha: bolodi, purosesa ndi fani yake, RAM imodzi, power supply ndi sikirini. Hard disk, DVD, makadi oonjezera, pulinta ndi zonse za pa USB zimazulidwa. Ikayamba kuyaka mosavuta, zinthuzo zimabwezeredwa chimodzichimodzi mpaka vuto litabwerera, ndipo chomwe chabwezeredwa pomalizira ndi chomwe chili ndi mlandu. Mabowo a USB akutsogolo ayang'anidwenso ndi tochi, chifukwa timano take tikapindika n'kugundana timatha kuletsa kompyuta yonse kuyaka.

Fumbi, kutentha ndi tizilombo

Kompyuta yoyaka bwino koma n'kuzima yokha pakapita mphindi zingapo, makamaka masana a mu Okutobala ndi Novembala, nthawi zambiri imakhala ikutentha mopitirira. Purosesa ikayandikira madigiri 100 imachepetsa liwiro kapena kuzimitsa kompyuta yonse podziteteza. Ikayatsidwanso nthawi yomweyo imazima mofulumira kuposa poyamba, koma ikapumula theka la ola imakhalitsako.

Fumbi la chilimwe, lomwe limachuluka m'mashopu oyang'ana kumsewu, limaundana pa zitsulo zoziziritsira purosesa mpaka mpweya kusowa podutsa. Lichotsedwe panja ndi makina opemerera mpweya kapena ndi burashi yofewa, fani itagwiridwa ndi chala kuti isazungulire mopitirira muyezo. Fani yolira ngati chigayo kapena yosazungulira isinthidwe. Pakati pa purosesa ndi chitsulo choziziritsira pamakhala phala lotchedwa thermal paste, lomwe limauma pakapita zaka. Lakalelo lipukutidwe ndipo paikidwe dontho latsopano laling'ono ngati njere ya mpunga. Timiyendo togwirira chitsulocho tionedwenso ngati tonse tagwira.

Mphemvu, nyerere ndi analimata amakonda kufunda kwa m'bokosi la kompyuta, ndipo akagunda malo awiri a magetsi nthawi imodzi amayambitsa vuto lobwera n'kupita. Makoswe nawo amadya mawaya. Bokosi lichotsedwe pansi n'kuikidwa pa tebulo kapena pa thabwa, potalikirako ndi khoma, ndipo mipata ya kumbuyo yosagwiritsidwa ntchito itsekedwe.

Hard disk ndi Windows

Kompyuta ikafika poonetsa dzina la kampani koma nthawi zina n'kunena kuti siikupeza poyambira, chingwe cha SATA cha hard disk chizulidwe ndi kubwezeredwa, kapena chisinthidwe. Fulashi yoiwalidwa pa USB nayo imasokoneza kuyamba. Hard disk yomveka kugogoda kuti go go go ili pafupi kufa, ndipo mafayilo achotsedwemo tsiku lomwelo. Pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo imawerenga kaundula wa thanzi yemwe hard disk imadzisungira yokha.

Windows imalembanso mbiri ya kuzima kulikonse. Mu Event Viewer, uthenga wa Kernel-Power wa nambala 41 ndi wina wa nambala 6008 amasonyeza kuti kompyuta idazima mosayembekezereka. Mauthengawa satchula chomwe chidachititsa, koma amapereka tsiku ndi nthawi zomwe zingayerekezedwe ndi za m'kope lija komanso ndi nthawi yomwe magetsi adazima. Pa Windows 8, 10 ndi 11, makonzedwe otchedwa Fast Startup amasokoneza makompyuta ena akale, ndipo kuwazimitsa mu Power Options ndi kuyesa kosalira ndalama.

Kuteteza kompyuta ikachira

Magetsi akazima, soketi ya kompyuta izimitsidwe, ndipo akabwera padutse mphindi zingapo isanayatsidwenso, chifukwa mphindi zoyambirira ndi zomwe magetsi amakhala osakhazikika. Mu BIOS muli malo osankhira zomwe kompyuta ichite magetsi akabwerera, olembedwa AC Recovery kapena Restore on AC Power Loss. Kumalo kozimazima magetsi ndi bwino kusankha kuti ikhale chizimire.

Kachipangizo kodula magetsi akakwera kapena kutsika mopitirira, kofanana ndi komwe anthu amaika pa furiji, kamateteza power supply koma sikaletsa kompyuta kuzima. UPS ndi yomwe imapereka mphindi zochepa zosungira ntchito ndi kuzimitsa mwadongosolo. Batire la mkati mwa UPS limakhala zaka zitatu mpaka zisanu, ndipo kumalo kotentha ndi kozimazima magetsi silifika pamenepo. UPS ya batire lakufa imatha kukhala gwero la vuto lomwelo, chifukwa imadula magetsi nthawi iliyonse yomwe ikuyesa kusintha. Pulinta ya laser, fotokope ndi ketulo zisalumikizidwe pa UPS ya kompyuta. Ma inverter ndi ma UPS ena otchipa amatulutsa magetsi osasalala omwe ma power supply ena amawakana, choncho kompyuta yozima pokhapokha ikakhala pa inverter iyesedwe pa ina.

M'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, mphenzi imatha kulowa kudzera pa mawaya a magetsi ngakhalenso pa chingwe cha intaneti. Kukamachita ziphaliwali, chitetezo chenicheni ndi kuzula zingwe zonse pakhoma.

Kukonza kapena kugula ina

Batire, batani, chingwe, fani, RAM ndi power supply ndi zinthu zoyenera kusintha ngakhale pa kompyuta yakale. Bolodi lalikulu likafa, mtengo wake ndi wa mmisiri ziyerekezedwe ndi mtengo wa kompyuta ina yogwiritsidwapo ntchito. Poyerekezapo mwiniwake akumbukire kuti Microsoft idasiya kupereka chithandizo chanthawi zonse cha Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo makompyuta ambiri akale sakwanitsa zomwe Windows 11 imafuna. Kompyuta yotere ikhoza kupitiriza ntchito yolemba ndi kusindikiza, kapena kuikidwa Linux, koma si yoyenera kuthirapo ndalama zochuluka.

Wopita kwa mmisiri anyamule kope lija, chingwe cha magetsi ndi UPS ngati ilipo, popeza nthawi zina vuto limatsala ku ofesi pamodzi ndi zinthu zimenezi. Alembe nambala za RAM, hard disk ndi power supply asanasiye kompyutayo, agwirizane mtengo ntchito isanayambe, ndipo apemphe kuti chipangizo chilichonse chochotsedwa chibwezedwe kwa iye. Apemphenso kuti hard disk isafufutidwe popanda chilolezo chake, chifukwa kuikanso Windows sikuchiritsa vuto la magetsi. Popeza vutoli limabwera n'kupita, kompyuta yokonzedwa iyatsidwe ndi kuzimitsidwa kambiri, m'mawa kukuzizira ndi masana kukutentha, kwa masiku angapo, asanavomereze kuti yachira.